Lenti Ziwiri za kwa Faruku

Ine nsanje ndili nayo ndipo sindibisa. Amayi anzanga pamsika wa Insaca amati mwamuna akacheukira kumbali iwo siziwakhudza. Bodza lenileni! Komanso iwo amuna awo amamata machubu a njinga, ena amalima nandolo. Anga ntchito yawo ndi kuyang'ana anthu. Akadzuka m'mawa amakoleka kamera m'khosi n'kupita kukapenya nkhope za eni ake mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anthu amawathokoza pa zimenezo. Ndiye wina andiuze kuti ndikhale phee?

Dzina langa ndine Hermínia. Ndimasoka zovala pakhonde la loja, sitolo ya amalume anga, moyang'anana ndi pokwerera mashapa, maminibasi athu aja. Amuna anga ndi a Vitorino, abambo a Sara, amene amajambula zithunzi za bilyeti, chitupa cha boma chija, ndi za maukwati. Zithunzi za bilyeti sizinandivutepo. Munthu amakhala pampando, kumbuyo nsalu yoyera, nkhope ili ndwii ngati wamubera njinga. Za ukwati nazonso zilibe kanthu, mwini mkazi amakhala ali pomwepo.

Pabalaza pathu pali chithunzi changa ndili mtsikana, nditasenza mtolo wa nsalu, ndikuyang'ana kumbali. Kumbuyo kwanga sikuoneka kanthu, kuli ngati utsi, ndimaoneka ine ndekha. Amuna anga anandijambula ali patali ndi lenti, galasi lija la kutsogolo kwa kamera, yobwereka kwa abwana awo, ine osadziwa. Ananditsatira choncho masabata ambirimbiri asanalimbe mtima kundipatsa moni, chifukwa pa mkazi amene wawalowa mumtima abambo a Sara ndi amanyazi zedi. Nkhani imeneyi ndinkaifotokozera mlendo aliyense wolowa m'nyumba mwathu, ndipo ndinkanyadira.

Mavuto anayamba chaka chino mvula itangotha. Gulu lina la ojambula ku Cuamba linawaimbira foni kuti likukonza chionetsero cha zithunzi za m'misewu ndi m'misika. Ankafuna anthu ali pa ntchito zawo, osati oima chilili ngati asilikali. Abambo a Sara anasangalala ngati mwana amene wamugulira nsapato. Anayamba kukamba zoyenda: lero kunyanja ya Chiuta, mawa ku Entre Lagos, mkuja ku Cuamba komweko. Koma lenti yawo yakale inali itamera nkhungu m'kati chifukwa cha chinyontho, moti zithunzi zinkatuluka ngati zajambulidwa m'khitchini mofuka utsi. Pa bilyeti ankangokakamiza, koma ku chionetsero sakanapita nayo.

Ku Entre Lagos, pafupi ndi siteshoni, kuli a Faruku amene amagulitsa mafoni, mabatire ndi zinthu zakale zochokera ku Nampula. Iwowa anali ndi malenti awiri okwana pa kamera ya amuna anga. Ina inali yaing'ono, yophwatalala ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Inayo inali yaitali, yolemera, ine ndinangoitcha munsi. A Faruku anawabwereka kakang'onoko tsiku limodzi la msika kuti akayese.

Anabwera masana akumwetulira, fumbi lili mbuu m'mutu.

“Mayi a Sara, bwerani muone. Kalenti aka n'kabwino zedi! Kamera yonse ikulowa m'thumba la jekete. Pa shapa sindikugunda nayo munthu. Ndipo anthu sakuthawa, akungoyesa ndanyamula kachoseweretsa.”

Ndinasiya makina osokera n'kuyang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Chithunzi choyamba, mayi wogulitsa tomato, mano onse panja. Chachiwiri, mtsikana akupeta mpunga, mikanda ya m'khosi mwake ikuoneka umodziumodzi. Chachitatu, mayi wina atawerama pa dengu la matemba, ndipo zimene ndinaona pamenepo sindinena. Msewu wonse unkaoneka kumbuyo kwawo, njinga, mbuzi, anthu ambirimbiri, koma ine sindinkapenya mbuzi ayi.

“Munaima pati pojambula uyu?”

“Pafupi pomwepo. Lenti imeneyi imatenga malo aakulu, ndiye ukaima patali munthu amachepa ngati nyemba. Uyenera kuyandikira.”

“Kuyandikira bwanji? Tandionetsani.”

Anaima patsogolo panga, pafupi moti ndinamva fungo la sopo amene anasambira m'mawa.

“Chonchi.”

Koma abale inu! Mtima unandiwira ngati madzi a tiyi. Pa mtunda umenewo ine ndimayeza munthu chiuno ndi tepi. Pa mtunda umenewo munthu umamva mpweya wa mnzako.

“Ndiye mumangofika n'kuwaima pamphuno?”

“Ayi, ndimayamba ndapereka moni. Timacheza pang'ono, ndimafunsa mitengo, ndimawaseketsa, akaiwala kamera ndiye ndimajambula.”

“Mumawaseketsa.”

“Ndi mmene ntchitoyi imayendera, mayi a Sara.”

“Ine munandiseketsa liti komaliza?”

Anangopukuta kalentiko ndi kansalu, mosamala ngati akupukuta khanda, n'kukabweza kwa mwini wake tsiku lotsatira. Anagwirizana kuti akakatenga Loweruka.

Loweruka lake kunagwa ukwati ku Chiuta, ndipo wojambula anali iwo. Ine ndinali ndi ulendo wa ku Entre Lagos kukagula ulusi ndi mazipi kwa amayi amene amaoloka nazo kuchokera ku Malawi. Ndiye anandituma.

“Mukangowauza a Faruku kuti kakang'ono kaja. Akudziwa.”

Ndinavomera ndi mutu. Mu shapa monse, nditapanikizika pakati pa thumba la chimanga ndi bambo wina wonyamula nkhuku, ndinkangoona mano a mayi wa tomato uja.

A Faruku anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anafunsa za Sara ndi za kushikola kwake. Kenako anatulutsa malenti onse awiri n'kuwaika pa kauntala.

“Alamu, amuna anu amadziwa chinthu. Anzawo onse akabwera kuno amafuna chachikuluchi, kuti pa ukwati anthu aziti lero kwabwera wojambula weniweni. Kakang'onoka palibe amene amakayang'ana. Koma kwa munthu woyenda m'misika, aka ndiye kake.”

“Nanga chachikuluchi chimatani?”

“Ichi chimakoka. Tagwirani.”

Analumikiza munsi uja pa kamera ina yakale n'kundiuza kuti ndiike diso. Ndinalunjika kusiteshoni. Mayo! Bambo amene anali kutali, ku njanji uko, anangofika pamaso panga, mpaka ndinaona kuti batani la malaya ake lasokedwa ndi ulusi wosiyana. Ndinachotsa diso, bambo uja anabwerera kutali.

“Ndiye ndi ichi munthu sayandikira?”

“Ayandikire chifukwa chiyani? Ukayandikira kwambiri chimakana n'kujambula komwe. Uyenera kuima kutsidya kwa msewu.”

“Salankhula ndi munthu?”

“Angakuwe kapena,” anatero a Faruku akuseka.

Ine sindinaseke. Ndinaona ngati Mulungu wandiyankha. Kutsidya kwa msewu! Popanda moni, popanda kufunsa mitengo, popanda kuseketsa akazi a eni.

“Mundikulungire chachikuluchi.”

“Alamu, iwo anati kakang'ono.”

“Asintha maganizo.”

A Faruku anandiyang'ana, anakanda ndevu, kenako anakulunga munsi uja m'nyuzipepala. Anangonena kuti ngati pali vuto ndidzabwere nacho, kakang'onoko sikapita kulikonse.

Kunyumba sindiname. Ine si munthu wozungulira. Atamasula nyuzipepala n'kundiyang'ana, ndinawauza maso ndi maso.

“Ndasankha ndine. Mayunifolomu amene agula chinthuchi ndinasoka ndine, msana wanga ukudziwa. Mukufuna kujambula akazi a m'misika, jambulani, koma muime uko.”

“Mayi a Sara, ichi n'cholemera. Pa shapa ndichiika pati? Anthu akachiona ayesa ndine wa alufandega, wa msonkho wa pamalire, ndikufufuza katundu wawo.”

“Ndiye muzibisala. Si ntchito yanu?”

Anapukusa mutu, anapuma mozama, basi. Abambo a Sara sakangana. Zimenezinso zimandipsetsa mtima, chifukwa munthu umakonzekera nkhondo n'kupeza mnzako akumanga zingwe za nsapato.

Masabata oyamba ankabwera akudandaula. Khosi likuwawa. Ku Chiuta asodzi anawathamangitsa poyesa kuti akuwajambulira maukonde kuti akawanenere. Pamsika wa Insaca ana ankawatsatira akukuwa kuti mfuti, mfuti. Ine ndinkawathira madzi osamba ndikuimba. Ndinkawasisita khosi ndi mtima woyera. Kunena zoona, masiku amenewo ndinagona tulo tabwino kuposa chaka chonse.

Kenako kudandaula kunatha. Anapeza malo ku Entre Lagos, pakhonde la nyumba ina yosatha kumanga, pomwe ankakhala pa njerwa osaonedwa ndi munthu. Za ku Chiuta anasiya kuzikamba. Za ku Cuamba anati adzapita nthawi ya chionetsero. Tsiku lililonse la msika, Entre Lagos. Ankabwera ali chete, koma osati chete wa kutopa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango akuyang'ana kumbuyo kwa kamera, ukawaitana kawiri ndiye amve. Ine chitsiru ndinkati ntchito yawagwira mtima. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lamlungu lina titabwera kutchalitchi anatulutsa zithunzi zimene anatsukitsa, zing'onozing'ono, kuti asankhe zotumiza ku Cuamba. Anaziyala pa tebulo langa lodulirapo nsalu.

“Tandithandizani, inu muli ndi diso la mitundu.”

Ndinayandikira ndikupukuta m'manja. Choyamba, mkazi wovala mpango wachikasu kumutu akutembenuza mabajiya m'chiwaya, utsi ukumudutsa kumaso. Chabwino. Chachiwiri, mkazi yemweyo akuseka ndi munthu amene sakuoneka. Chachitatu, yemweyo, mpango wina, akupukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja. Chachinayi akuyang'ana kumbali, kuganiza zake. Ndinayendetsa maso tebulo lonse. Panali bambo mmodzi wa njinga ndi gogo wina wa fodya, ngati oitanidwa mwangozi. Ena onse anali iyeyo.

Ndipo kumbuyo kwake kunalibe msewu, kunalibe mbuzi, kunalibe anthu. Kunali ngati utsi. Ankaoneka iye yekha.

“Msika uli kuti?”

“Lentiyi sitenga msika. Imatenga kachinthu kamodzi, zina zonse imafafaniza. Ndiye uyenera kusankha kuti ulunjike pati.”

“Ndipo inu munasankha.”

“Amakhala pamalo pabwino, dzuwa la m'mawa limamufika cham'mbali. Nkhope yake imagwira kuwala.”

“Dzina lake ndani?”

“Sindikudziwa.”

“Musandinamize, abambo a Sara.”

“Zoona, sindinalankhulepo naye. Sakudziwa n'komwe kuti ndimamujambula.”

Ananena zimenezi ngati akundikhazika mtima pansi. Ndinatembenuka n'kuyang'ana pakhoma, pa mtsikana wosenza mtolo wa nsalu uja, akuyang'ana kumbali, kumbuyo kwake utsi. Chithunzi chimene ndakhala ndikupukuta fumbi zaka zonsezi. Kwa a Faruku kuja nzeru zanga zinali kuti? Munthu ameneyu sakonda ali pafupi. Pafupi amangocheza, amafunsa mtengo wa tomato n'kuiwala. Amakonda ali patali, ali chete, diso lili pa galasi. Ndinkadziwa zimenezi kuposa munthu aliyense m'Mecanhelas muno.

“Inenso dzina langa simunkalidziwa,” ndinatero.

Anayang'ana pakhoma, anayang'ana pa tebulo. Anayamba kusonkhanitsa zithunzi zija mofulumira, china chinagwa pansi, anachitola n'kuchipukuta pa malaya.

“Mukuganiza zambiri, mayi a Sara. Ndi ntchito chabe.”

Ndinalira tsiku limenelo, kuseri kwa bafa, kuti Sara asandione. Ndinalira ndi ukali. Akanakhala kuti agwidwa ndi mkazi kugesiti, bwenzi ndikudziwa chochita: kuitana ankhoswe, kutaya zovala panja, pano ndi pamudzi pa amayi anga. Koma apa ndikanawauza chiyani ankhoswe? Kuti amuna anga akuyang'ana munthu? Akanandiseka n'kundiuza kuti maso alibe uku n'kwa apongozi.

Lachiwiri abambo a Sara anali ndi ana a shikola ofuna zithunzi za mayeso, ndiye anabwezeretsa lenti yankhungu ija pa kamera. Munsi unatsala m'kabati. Ndinaukulunga m'kapulana, ena amati chitenje, ndinatseka makina anga, n'kukwera shapa.

Ndisanapite kwa a Faruku ndinafuna ndimuone ndi maso anga. Sanavute kupeza. Anali pafupi ndi njira yolowera kusiteshoni, pa kabenchi, chiwaya chili pa mbaula. Ndinaima patsogolo pake nditakonzeka. Ndinkafuna andiyang'ane mwachipongwe, kapena agwetse maso ngati munthu wodziwa mlandu wake. Ayi ndithu. Anandimwetulira ngati kasitomala wina aliyense.

“Angati, mama?”

Pamaso ndi wamba. Ndikunena zoona, si nsanje. Ali ndi chipsera cha mafuta padzanja, dzino limodzi lakutsogolo n'lobenthuka. Ine ndimamuposa msinkhu, ndimamuposa ndi khungu lomwe. Anandikulungira mabajiya m'pepala n'kuwonjezera limodzi la basela, akuti chifukwa diresi langa lasokedwa bwino. Anafunsa amene anandisokera. Ndinati ndinagula. Munthu ungamenyane bwanji ndi mkazi amene wakupatsa basela?

A Faruku atandiona ndi mtolo anangoseka.

“Ndinadziwa, alamu. Khosi lawakana?”

“Lawakana. Mundipatse kakang'ono kaja.”

Akukulunga, ndinafunsa ngati nkhani yongodutsa.

“Mayi wa mabajiya pasiteshoni paja ndi wa kuno?”

“Zulfa? Ndi wa ku Chiuta, mwana wa asodzi. Banja linatha chaka chatha, ndiye akukhala ndi azakhali ake kuseri kwa mzikiti. Munthu wabwino, wolimbikira.”

Banja linatha. Mabajiya aja ndinapatsa galu wa pa siteji.

Pobwerera ndinkadziuza kuti tsopano ndaganiza bwino. Ndi kachivindikiro aka, akakhala pa njerwa zawo zija, Zulfa achepa ngati nyemba pakati pa anthu, njinga ndi mbuzi. Kuti amuone ayenera kudzuka, kuoloka msewu, kupereka moni. Ndipo zimenezo abambo a Sara sangathe. Kwa mayi wa tomato angathe, chifukwa alibe naye kanthu. Koma kwa amene wawalowa mumtima, lilime limauma. Ine ananditsatira mpaka nsapato kutha asananene kuti bondiya. Chionetsero chidzafika, chidzapita, nkhani idzazizira.

Nditawapatsa amuna anga kalenti kaja, anakatembenuza m'manja nthawi yaitali.

“Chachikulu chija chili kuti?”

“Ndabweza. Si kameneka munkafuna poyamba? Ndinalakwitsa, ndakonza.”

Sanathokoze, sanakalipe. Anakalumikiza pa kamera, anaika diso, analunjika ku mtengo wa mango, n'kutsitsa.

Tsiku la msika anadzuka m'mawa, anasita malaya okha, zimene sachita. Kamera inalowa m'thumba la jekete. Anakwera shapa yoyamba. Ine ndinadikira kuti ichoke, ndinavala kapulana yanga yobiriwira, ndinauza amalume kuti ulusi wakuda watha, n'kukwera yachiwiri. Inde, ndinawatsatira. Amene sanachitepo andigende.

Ndinazungulira kuseri kwa maloja n'kukaima pakhonde la wogulitsa nsalu, kumbuyo kwa Zulfa chapatali pang'ono. Kuchokera pamenepo ndinkaona msana wake, chiwaya chake, msewu, ndi nyumba yosatha ija kutsidya. Abambo a Sara anali pa njerwa zawo. Anakweza kamera, anajambula, anayang'ana kumbuyo kwake, anapukusa mutu. Anayesanso. Anapukusanso mutu. Mumtima ndinati eya, nyemba imeneyo, idyani.

Anakhala pamenepo nthawi ndithu, kamera ili pamiyendo. Wogulitsa nsalu anandifunsa ngati ndikugula, ndinati ndikusankha. Kenako ndinaona amuna anga akudzuka. Anasasa fumbi kumbuyo kwa buluku. Ndinati akupita kokwerera shapa. Anadikira ngolo ya makala idutse, n'kuoloka msewu.

Anaoloka, abale. Molunjika.

Mawu sindinawamve, koma ndinaona akuwerama pang'ono, dzanja pachifuwa, mmene amalonjerana anthu a kunyanja. Zulfa anayankha. Anagula mabajiya. Anadya limodzi ali chiimire, ananena kanthu, Zulfa anaseka mpaka kugwira mpango pakamwa. Anatulutsa kamera m'thumba n'kumuonetsa. Zulfa anapukusa mutu mwamanyazi, anakonza mpango, anasekanso. Kenako anasendera kumapeto kwa kabenchi, ndipo amuna anga anakhala.

Kwa ine zinawatengera masabata. Kwa uyu, kalenti kamene ndinakawatengera ndekha kanawakankha m'mawa umodzi. Ndinagwira nsalu ya mwini wake mwamphamvu mpaka anandiuza kuti mama, mukwinyitsa katundu.

Atacheza, ananyonyomala patsogolo pake, pa mtunda uja woyezera chiuno, n'kukweza kamera. Inali italunjika kwa Zulfa, komanso kumene ndinaima ine. Ndinati basi andiona. Sindinabisale. Ndinatuluka pakati pa nsalu zija n'kuima poyera, manja m'chiuno, kuti atsitse kamerayo tionane. Anajambula kangapo. Anatsitsa, anaonetsa Zulfa, mitu yawo inayandikana pa kagalasi kaja. Kwa ine sanayang'aneko.

Ndinafika kunyumba iwo asanabwere. Ndinavula kapulana ija n'kuichapa, ngakhale inali yoyera, chifukwa manja ankafuna chochita. Ndinaipikicha ngati yandilakwira. Nditangoiyanika, ndinamva mluzu kumpanda. Abambo a Sara akuimba mluzu!

“Mayi a Sara, munachita bwino kubweza chija. Bwerani muone. Ichi ndiye chopita ku Cuamba.”

Anakhala pa mpando pansi pa mango, ine ndinaima pambali pawo manja akudontha. Zulfa anadzaza theka la chithunzi, akuseka, dzino lobenthuka lili poyera, ndipo ulendo uno ankayang'ana mu kamera mwenimweni. Kumbuyo kwake kunali Entre Lagos yense.

“Mwaona? Tsopano msika ulimo. Onani ngolo ya makala iyi. Onani mwana uyu akukoka mbuzi. Uku denga la siteshoni. Apa nsalu zopachika, taonani mitundu yake mmene yakhalira. Dzina lake ndi Zulfa, wavomera kuti chikapachikidwe. Wati ndidzamupititsire chake.”

Chala chawo chinkayenda pa kagalasi, chikutchula chilichonse. Chinadutsa pa ngodya ya kumanja osaima. Pamenepo, patsogolo pa nsalu zopachika, panali mkazi wamng'ono ngati nyemba, manja m'chiuno, atavala zobiriwira.

Ndinaika chala changa chonyowa pomwepo.

“Nanga uyu?”

Anayandikitsa kamera kumaso, anatsinzina diso limodzi.

“Kaya, mayi wina wake wogula nsalu. Koma waima pabwino, eti? Akudzaza ngodya imeneyi, pakanakhala popanda kanthu.”

Anapukuta dontho la madzi limene chala changa chinasiya, n'kupita pa chithunzi chotsatira. Kapulana yobiriwira ija, imene anandigulira okha ku Cuamba Sara atabadwa, inali pachingwe kumbuyo kwawo, ikudontha.